Mmene Chigumu Chinayambira

Kalekale, ana inu, kunali mlimi wa nthochi dzina lake Kachingwe. Anali ndi mlongo wake Nangondo, mayi wamasiye wa ana atatu.

Chaka china kunagwa njala. Nangondo anatuma ana aja kukapempha nthochi kwa malume awo. Kachingwe anati, "Sizinakhwime." Atabweranso anati, "Sizinapse." Kachitatu anati, "Adya anyani." Chonsecho mikoko anali ataikwirira m'dzenje kuseri kwa nyumba kuti azidya yekha. Nangondo anamva fungo lake podutsa.  Anangomanga katundu, n'kusamukira kutsidya kwa mtsinje.

Khirisimasi itafika, pakhomo pa Kachingwe panali zii. Anafukula dzenje lija, ndipo anapeza nthochi zitapsa mpaka kuda bii. Mimba imodzi ikanatha bwanji zonsezo? Mtima unamutsutsa.

"Ndinataya mbumba yanga chifukwa cha izi," anatero. "Ndikapepesa lero lomwe, koma sindipita chimanjamanja."

Tsono anasenda nthochi, nazikanya ndi mgaiwa umene unatsala. Anaphika m'madzi, ndipo zinasanduka phala. Anaotcha paphale, ndipo pansi panapserera pamwamba pasanapse. Ufa unangotsala wodzaza manja awiri. Iye sanafooke. Anakanyanso, nathira mumphika, navundikira ndi phale, naika makala pansi ndi pamwamba. Anakhala pomwepo osasuntha, utsi ukumuliza misozi. Atavundukula, anapeza chinthu chofiirira, cholimba bwino, chonunkhira.

Mtsinje unali utadzaza ndi mvula. Kachingwe anasenza mphika pamutu, nawoloka madzi akumulekeza m'khosi.

Nangondo atamuona anati, "Mwasochera kodi, bambo?"

Kachingwe anagwada m'matope. "Ndinanama katatu, mlongo wanga. Nthochi zinalipo."

Nangondo anavundukula mphika uja. Kenaka ananyema kachidutswa, nalawa, nagawira ana. Ana anadya mpaka nyenyeswa.

"Mchere mwachepetsa, achimwene," anatero Nangondo. "Dzukani apo, mundionetse mmene mwaphikira."

Chimenecho ndicho chigumu choyamba. N'chifukwa chake mpaka lero timachiphika pa Khirisimasi, ndipo sitidya tokha, timapatsako abale.

Tsono ana inu, mukalakwira m'bale wanu, musadikire kuti iye akutsateni. Nyamukani ndinu, ngakhale njira ivute, mukanene cholakwa chanu mosabisa.

Apa ndiye pathera nthano yanga.