Chitini Chachiwiri cha a Disolanga

Mumsewu wa mashopu ang'onoang'ono, pakati pa okonza mafoni ndi ometa tsitsi, munali telala wina amene aliyense ankamutchula kuti a Disolanga. Dzinali analipata chifukwa cha pakamwa pawo. Munthu akalowa kuti amuyeze, iwo ankangomuyang'ana kuyambira kuphewa mpaka kuchidendene, n'kunena kuti, "Tepi ndi ya ophunzira ntchito. Diso langa silinama." Tinene zoona, pa nsalu silinkanamadi, moti tepi inkangolendewera m'khosi mwawo ngati mkanda. Chinanso chimene ankatchuka nacho ndi kukalipira anthu obwera ndi nsalu yoperewera. "Muzionjezerapo theka la mita! Nsalu imafupika ikachapidwa. Mukufuna ndikusokereni diresi kapena bandeji?"

Tsiku lina mwana wawo wamkazi, amene anakwatiwa kutali, anaimba foni kuti wachira, wabereka mwana wamkazi, ndipo Loweruka la sabata yotsatira abwera kudzakhala mwezi wathunthu kwa makolo. Uyu anali mdzukulu woyamba. A Disolanga anavina sizasi ili m'manja. Pa foni pomwepo analonjeza kuti kachipinda kakuseri, kosungiramo zidutswa za nsalu, akapenta okha ndi manja awo, mtundu wofanana ndi kabulangete kachikasu kamene anali atasokera khandalo.

"Mkazi wanga wamng'onoyo adzafikira m'chipinda chakechake," anatero. "Uyu wamkuluyu achite nsanje."

"Nsanje ndilibe," anayankha akazi awo akupukuta mbale. "Koma penti athe pofika Lachitatu, fungo lituluke. Mkazi mnzangayo mphuno zake n'zanthete."

Kachipindako kanali ka masitepe anayi m'litali, atatu m'lifupi, zenera limodzi ndi chitseko chimodzi. Penti wakale anali wobiriwira kwambiri, ndipo khoma limodzi linali litangoikidwa pulasitala watsopano pamene chinyezi chinaononga. Lolemba m'mawa a Disolanga anaima pakhomo, natsinzina diso limodzi monga amachitira pa ntchito yawo. Anagwedeza mutu, nadula kachidutswa ka nsalu yotsala ya kabulangete kaja, ulendo ku shopu ya penti.

Kumeneko anapeza mayi amene amasakaniza mitundu pa makina. Mayiyu sanali mlendo kwa iwo. Chaka chatha anamukalipira pagulu chifukwa chobwera ndi nsalu yochepa ya diresi. Iye anawalandira bwino, nayang'ana kachidutswako, kenako anafunsa miyezo ya chipinda.

"Malita anayi," anatero a Disolanga. "Ndayeza kale."

"Mwayeza ndi chiyani, bambo? Timayeza kuzungulira makoma onse, n'kuchulukitsa ndi msinkhu wake, n'kuchotsapo chitseko ndi zenera. Tikapeza, timawirikiza kawiri, poti penti amapakidwa kawiri. Nanga khomalo panopa ndi la mtundu wanji? Pali pulasitala watsopano?"

Atamva kuti ndi lobiriwira ndipo pulasitala alipo, mayiyo anapukusa mutu. "Wobiriwira safa msanga, ndipo pulasitala watsopano amamwa penti. Tengani zitini ziwiri. Mtundu wosakanizawu umafuna kupangira limodzi, wa mawa sufanana ndendende ndi wa lero."

M'shopumo munali amisiri omanga nyumba angapo akudikira katundu wawo, ndipo onse anatchera khutu. A Disolanga sankatha kugonja pamaso pa anthu. Anakweza tepi ya m'khosi ija n'kunena mokweza, "Mayi, ndavekapo akwati ndi akwatibwi osawakhudza ndi tepi. Kachipinda kangandivute? Mukadzandionanso pano ndikufuna penti wina, tepi iyi ndidzaidya muli kuona!" Amisiri aja anaseka mpaka kugwira m'mimba, ndipo a Disolanga anatuluka ndi chitini chimodzi, chifuwa chili patsogolo.

Lolemba lomwelo anayamba ntchito akuimba mluzu. Anayambira khoma la pulasitala lija. Akapaka, n'kutembenuka kuviika bulashi, pobwerera ankapeza penti walowa, khoma likuwayang'ana ngati silinalawe kanthu. Anapakanso, linamwanso. Pa makoma enawo wobiriwira uja ankasuzumira pansi pa chikasu mopanda ulemu. Pofika masana mluzu unali utasiya, ndipo bulashi inali itayamba kukanda pansi pa chitini, khoma lachinayi lisanakhudzidwe n'komwe.

Apatu nzeru inali yapafupi. Shopu ya penti inali mtunda wa mphindi khumi basi. Koma akaganiza zopita, ankamva kuseka kwa amisiri kuja m'makutu. Anakiya chitseko, kiyi n'kuika m'thumba.

"Zikuyenda, bambo?" anafunsa akazi awo.

"Bwino kwambiri. Koma musalowe, fumbi lingamatirire pakhoma."

Lachiwiri anathira madzi m'chitini muja, navundula ndi kamtengo. Penti anachulukadi, mtima unakhala pansi pang'ono. Koma atapaka, anayenderera m'khoma monse mpaka pansi, kusiya mizeremizere. Lachitatu, tsiku limene ntchito inayenera kutha, anadzera njira yakuseri kuti asadutse pa shopu ya mayi uja, nayenda ulendo wautali kukafika ku shopu ina kumene sankadziwika. Kumeneko sanafunse munthu. Anatsinzina diso, naloza chitini chachikasu chimene chinawakomera. Sanawerenge n'komwe kuti ameneyo anali penti wa mafuta, pamene woyamba uja anali wa madzi.

Lachinayi lonse anadzitsekera m'kachipinda muja. Penti watsopanoyo anali wachikasu chokuwa, chonga cha dzira, ndipo pamwamba pa mnzake wonyowa uja anakana kugwira, anangochita matuza. Fungo linadzaza nyumba mpaka mphaka anasamukira kwa aneba. Kuntchito makasitomala ankagogoda pachitseko chotseka. A Disolanga anakhala pa chitini chopanda kanthu, maso akuyabwa, mutu ukuwawa, akuyang'ana makoma anayi a mitundu inayi. Anali ndi chisoni chenicheni, chifukwa lonjezo lija sanalipereke kwa kasitomala, analipereka kwa mwana wawo.

Lachisanu m'mawa akazi awo anatulutsa kiyi wina amene ankasunga m'kabati, natsekula. Anaima pakhomo, nayang'ana makoma onse anayi.

"Bambo, kodi mumapenta chipinda kapena mumasoka malaya a zigamba?"

"Penti wa masiku ano ngwachabe."

"Anakuperewerani liti?"

A Disolanga anayang'ana pansi. "Lolemba."

"Lolemba! Masiku anayi muli kubisala muno ngati mwaba nkhuku? Bwanji osabwerera kwa mayi uja?"

Anawafotokozera za tepi ndi za amisiri. Akazi awo anafuna kukalipa, koma kuseka kunawapambana mpaka anatsamira chitseko chonyowa, bulauzi n'kutenga chikasu. Anasintha bulauzi, natenga chikwama, natuluka.

Pasanathe theka la ola anabwerera atanyamula chitini, nachiika pamapazi pa amuna awo. Chinali chikasu chomwe chija cha kabulangete. Pachivundikiro panamatidwa kapepala kolembedwa ndi bolopeni kuti: "A Disolanga. Theka la mita lija."

"Akuti anasakaniza Lolemba lomwelo, inu mutangotuluka," anatero akazi awo. "Anapangira limodzi kuti mtundu usasiyane. Chakhala pansi pa kauntala masiku onsewa kukudikirani, ndipo amadabwa kuti mwina mwadwala."

A Disolanga anawerenga kapepalako kawiri. Anafuna kukwiya, koma chokwiyira panalibe.

Loweruka alendo anafika. Mwana wawo atangotsitsa katundu anafunsa, "Adadi, chipinda cha mkazi wanu chili kuti? Njira yonse ndakhala ndikumuuza." Funsoli linawalasa mumtima kuposa kuseka kwa amisiri onse a padziko. Anamutengera pakhomo la kachipindako, natsekula pang'ono kuti aone, n'kutsekanso msanga chifukwa cha fungo. Mwanayo anaseka mpaka misozi, kenako anawapatsira khandalo m'manja. Kuyambira tsiku limenelo mayi ndi khanda ankagona kuchipinda kwa makolo pamodzi ndi agogo aakazi, ndipo a Disolanga anayala mphasa pabalaza.

Lolemba linalo anavula tepi m'khosi, akazi awo atagwira mbali ina, nayeza khoma lililonse, chitseko ndi zenera, n'kulemba pa pepala. Popeza anayenera kupala penti wa mafuta uja n'kuyambiranso, chitini chimodzi sichikanakwana, choncho anapita okha ku shopu. Amisiri aja analipo awiri. Anawapatsa moni n'kupitiriza nkhani yawo ya mpira. Za kudya tepi panalibe ndi mmodzi yemwe amene anazikumbukira. Mayi wa penti analandira pepala, naliwerenga, nangofunsa kuti, "Mdzukulu ali bwanji, agogo?"

Khandalo linalowa m'chipinda chake patatha masiku khumi, makoma onse anayi akufanana ndi kabulangete kake. Linayasamula n'kugona, osayang'ana khoma ngakhale limodzi. A Disolanga anaima pakhomo akumwetulira, tepi ili m'khosi, msana ukuwawabe ndi mphasa ija.

"Masiku khumi a pabalaza chifukwa cha ulendo wa mphindi khumi," anatero akazi awo powagwira paphewa. "Mwamwayi inu tinakufukulani mukupumabe."

Ankanena zoona mayiwo, pakuti akuluakulu anati mbewa ya manyazi inafera kuuna.