Foni Yoona Ngakhale Nyerere

Ku Joni kunali Yotamu, amene anatha miyezi itatu akuzungulira m'mashopu kuyerekeza mafoni, iyi batire, iyo kamera. Tsiku lomwe anagula yakumtima kwake, amalume ake a Chimbalanga, omwe anamuitanitsa kuchoka ku Ntcheu n'kumupezera ntchito, anamuitanira kuchipinda kwawo.

"Bweretsa kuno, mphwanga. Sungagwire foni yoposa ya amene anakubweretsa kuno. Iwe tenga kanga aka ka mabatani."

Yotamu anagwada n'kupereka ndi manja awiri.

"Ndinagulira inu kumene, amalume. Akazi anu kumudzi ndawauza kale. Akuti zaka zinayi zongomva mawu zakwana, aimba pa vidiyo posachedwapa kuti muwaonetse chipinda chonse. Kamera yakeyo imaona ngakhale nyerere."

A Chimbalanga anamwazamwaza maso. Wigi ili pa msomali, nsapato zagogoda kuseri kwa chitseko, matewera a khanda ali ndandanda pa chingwe.

Foni ija inalira.

Anaiponya m'manja mwa Yotamu ngati khala la moto.

"Thamangira panja! Ukawauze kuti foniyo andibera pa tekisi!"

Yotamu anaima pakhomo, n'kufunsa mwaulemu wonse:

"Ndikawauzire pa foni yobedwayi, amalume?"