Diresi la Mapiko a Zikumbu

Nyumba ya mamodelo ya ku Lat Phrao, mumzinda wa Bangkok, inali ndi zipinda ziwiri, fani imodzi yolira ngati ikudandaula, ndi asungwana asanu ndi atatu. Ankagona pa mabedi osanjikana, mapazi ali lendelende kunja, poti amene anakhoma mabediwo sanaganize kuti padzagona anthu aatali chotero. Mwezi ukatha, kampani yowapezera ntchito yoonetsa zovala inkadula lendi ya baht 6,000, ndalama za kumeneko, pa bedi lililonse, n'kudulanso za zithunzi ndi gawo lake. Motero msungwana amene nkhope yake inali pa chikwangwani chachikulu m'mbali mwa msewu ankatha kudya mpunga ndi dzira limodzi mumthunzi wa chikwangwani chomwecho.

Pabedi lapamwamba la pawindo pankagona Busaba, msungwana wa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi wochokera ku Nakhon Phanom. Pansi pake pankagona Jariya wa ku Phatthalung, wa zaka makumi awiri ndi zinayi, zomwe pa ntchito iyi ndi ukalamba. Jariya anali atapondaponda mzindawu zaka ziwiri osaphula kanthu, ndipo anali atauza kale makolo ake kuti chaka chikatha abwerera kukathandiza kumunda wa mitengo ya labala.

"Phi Jariya, mukapita kwanu bedi lapansili ndi langatu," ankatero Busaba pomuseleula mnzakeyo, amene ankamutcha Phi, kutanthauza mkulu. "Ndatopa n'kugunda mutu kudenga."

"Dikira ndife kaye, Nong, ndiye uzigawa chuma cha masiye," Jariya ankayankha ali chogona, akumutcha Nong, kutanthauza mng'ono.

Chaka chimenecho mwayi unagwera Busaba. Kutsidya la mtsinje, ku Thonburi, kunali mayi wina wosoka zovala, amene mwaulemu ankamutcha Pa Lamai, kutanthauza azakhali a Lamai, wa zaka makumi asanu ndi awiri kudza ziwiri. Anthu a ntchito iyi akamatchula dzina lake amatsitsa mawu. Mayiyu ankakonza chionetsero chake chomaliza, ndipo anaitana asungwana makumi anayi kuti asankhepo. Onse anawauza kuti ayende, koma Busaba yekha anamuuza kuti aime. Anamuzungulira kawiri, n'kumugwira paphewa.

"Uyu," anatero. "Diresi lotsekera chionetsero ndisokera pathupi la uyu."

Kwa miyezi itatu, katatu pa sabata, Busaba ankaima pabokosi lathabwa kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka. Nsalu inali ya silika wakuda bii. Pamwamba pake Pa Lamai ankasokererapo mapiko a zikumbu zobiriwira zija anthu akumidzi amatola zikafa zokha. Phiko lililonse ankalidula, kuliboola ndi singano, n'kulimanga ndi ulusi palokha. Mapikowo anali zikwi khumi ndi chimodzi. Zala za mayiyu zinali zopindika ndi nyamakazi moti chikho cha tiyi ankachigwira ndi manja awiri, koma zikangogwira singano zinkathamanga ngati za mtsikana. M'chipindamo munalibe galasi.

"Galasi limapusitsa mwana," ankatero Pa Lamai, mapini ali pakamwa. "Ukadziona uyamba kudzipinda, msoko wanga n'kukhota."

Choncho Busaba ankangoona manja a diresilo ndi m'munsi mwake basi. Jariya, posowa chochita, ankamuperekeza. Ankagwira chitini cha mapini, kulowetsa ulusi m'singano, n'kumadya nawo mpunga wonata ndi nkhuku yootcha zomwe mayiyu ankawagulira masana.

Koma kuima kunamutopetsa Busaba. Malipiro anali ochepa, miyendo inkatupa, ndipo anzake ankabwera madzulo n'kumasimba za ntchito za tsiku limodzi zolipira bwino. Kutatsala masiku anayi kuti chionetsero chichitike, mnzake wina anamutumizira uthenga. Kampani ina ya sopo wa tsitsi inkafuna nkhope yatsopano yotsatsira malonda pa kanema, asungwana anatsala asanu, ndipo iye anali mmodzi wa iwo. Wopambana ankalandira baht 80,000. Kusankha komaliza kunali ku Pathum Thani, kunja kwa mzinda, wani koloko masana, tsiku lomwelo la chionetsero.

Busaba anakauza Phi Ek, mwamuna wa ku kampani amene ankamupezera ntchito.

"Usayerekeze," anatero Phi Ek osakweza n'komwe maso. "Pa Lamai akukufuna fili koloko, chionetsero n'cha sikisi. Uno ndi Okutobala. Mvula ikangogwa, msewu wa ku Pathum Thani umafuna bwato."

"Phi Ek, ndalama zimenezo ndi lendi ya chaka chathunthu. Mapiko a zikumbu ndidzadya?"

"Pa mipando yakutsogolo padzakhala anthu ochokera ku Tokyo ndi ku Milan. Za sopozo, miyezi itatu anthu akuiwala. Kapena ngati mtima wako uli ku sopo, nena lero, timuuze mayi uja apeze wina. Sankha chimodzi."

Busaba anaphatikiza manja pachifuwa mwaulemu, nati wamva. Koma mumtima mwake anali atagamula kale kuti achita zonse ziwiri.

Tsikulo litafika anadzuka m'mamawa, natsuka tsitsi kawiri.

"Phi Jariya, mukafika mukawauze Pa kuti ndili m'njira."

"Ukundituma bodza kwa munthu wamkulu?"

"Si bodza. Njira ndi njira, ingotalikirapo pang'ono."

Ku Pathum Thani anawakhazika asanuwo pa mipando m'khonde lozizira. Wani koloko inadutsa. Thu koloko inadutsa. Bwana wa kampani ya sopo anali asanafike. Itakwana fili koloko anayamba kuitana mmodzimmodzi, ndipo aliyense ankatha mphindi makumi awiri m'katimo. Foni ya Busaba inkangonjenjemera pamiyendo pake, Phi Ek, Jariya, Phi Ek, iye osayankha. Itadutsa folo koloko kunja kunachita mdima ngati wina waphimba mzinda ndi bulangete, kenako kunagunda. Msungwana womaliza patsogolo pake anali adakali m'kati. Mtima wa Busaba unalephera kupirira. Ananyamula chikwama nathawa. Anadzamva pambuyo pake kuti anamuitana patangopita mphindi zisanu, ndipo anamuitana katatu.

Mvula inagwa ya chidzalandembo. Magalimoto anaima ndondondo, osasuntha. Busaba anakodola bambo wina wa njinga yamoto ya kabaza amene anabisala pansi pa mlatho.

"Ku msewu wa Charoen Krung, kumtsinje, achimwene. Ndikupatsani kawiri."

Bamboyo anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku nsapato za gogoda. "Chemwali, iyi ndi njinga, si bakha ayi. Koma kwerani, tikafika pomwe Mulungu wafuna."

Anafika theka la njira. Madzi atakwera mpaka m'mawondo, njinga inatsokomola kawiri n'kuzima. Busaba anavula nsapato, nayenda m'madzi akuda onunkha ngalande, kufikira anapeza siteshoni ya sitima ya pansi pa nthaka. Pofika ku nyumba yakale yosungiramo mpunga ya m'mbali mwa mtsinje, momwe munkachitikira chionetserocho, nthawi inali itadutsa hafu pasiti sikisi. Mlonda anamulowetsa chifukwa cha chisoni. Anaima kumbuyo kwenikweni, kuseri kwa ojambula zithunzi, madzi akuchucha kutsitsi lija analitsuka kawiri.

Nyimbo zinazima. Magetsi onse anazima, kupatula nyale imodzi. Panamveka mvula yokha padenga la malata.

Kenako mumdimamo munatuluka chinthu chonga moto wobiriwira chikuyenda chokha. Chikasuntha pang'ono chinkasanduka chabuluu, kenako chagolide, kenako chofiirira ngati mkuwa, mitundu ikutsetsereka kuchokera paphewa mpaka pansi monga mphepo imayendera pamunda wa mpunga. Mapiko aja ankakhudzana n'kumalira motsitsa, waaa, waaa, ndipo anthu mazana anayi anasiya kupuma kuti amve. Ojambula ena anaiwala makamera awo pachifuwa. Mayi wina wachijapani wa pampando wakutsogolo anavula magalasi, nagwira pakamwa.

Busaba anamva tsitsi likumuimirira. Miyezi itatu anakhala m'kati mwa diresi limeneli osadziwa chimene anavala. Ankaliyesa katundu wolemera woyabwa m'khwapa. Anayang'ana kukamwa kuli yasa, ndipo kwa kanthawi anaiwala kuzizira, anaiwala sopo, anaiwala kuti wataya chiyani. Diresilo litafika kumapeto kwa njira n'kutembenuka, m'pamene anaona nkhope ya woliyendetsa. Anali Jariya. Ankayenda modekha, mutu uli chilili, ngati munthu amene alibenso choopa chifukwa anatsanzika kale.

Anthu anaimirira onse. Kuwomba m'manja kunaposa mvula ya padenga.

Kuseri kwa nsalu yotchinga, Busaba anamva mmene zinakhalira. Itakwana faifi koloko iye osaoneka, Pa Lamai sanakalipe. Anangouza Jariya kuti aike chitini pansi akwere pabokosi. Jariya anali wotambalala mapewa pang'ono, wamfupi ndi zala ziwiri. Mayi wokalambayo anagwada pasimenti, namasula misoko yam'mbali, nasamutsa mapiko oposa mazana awiri, limodzilimodzi, m'mphindi makumi anayi, osathyola ngakhale limodzi. Atamaliza, anthu awiri anachita kumudzutsa, poti mawondo anali atauma.

Busaba anapeza Pa Lamai atakhala pa mpando, zala zikutuluka timagazi. Anagwada, naphatikiza manja mpaka pamphumi. 

Pa Lamai anatenga thaulo, namuponyera pamutu. "Pukuta, ungadwale. Waliona?"

"Ndaliona, Pa."

"Linali bwanji? Ine ndinali kuno, sindinaone."

"Sindinaonepo chinthu chotero chibadwire," anatero Busaba, misozi ikusakanikira ndi madzi a mvula.

Mayiyo anagwedeza mutu mokhutira. "Basi. Ndinalisokera iwe, mwana wanga. Koma singano ndaika pansi lero. Lina kulibe."

Jariya anabwera atavula kale, atafunda kansalu. Anamukumbatira Busaba ngakhale anali wonyowa. "Ndinakuimbira kasanu ndi kawiri, Nong. Ndinawapempha adikire mpaka faifi."

"Ndikudziwa, Phi. Munayenda bwino. Ine sindikanayenda choncho."

M'mawa mwake chithunzi cha diresi lija chinali paliponse. Pasanathe milungu iwiri, mayi wachijapani uja anaitanitsa Jariya ku Tokyo kwa miyezi itatu, ndipo miyezi itatuyo inabala zaka. Kumunda wa labala anangopitako kukacheza. Phi Ek sanamuchotse Busaba m'kampani, koma osoka zovala amauzana, ndipo kwa chaka chathunthu palibe anamuitana ku chionetsero. Anapeza ntchito m'sitolo ina ya ku msika wa Pratunam, yovala madiresi makumi anayi pa tsiku patsogolo pa foni, mwini sitolo akufuula mitengo kwa ogula. Ntchitoyo imalipira lendi, ndipo sadandaula. Chaka chachiwiri anayambanso kuitanidwa m'zionetsero zing'onozing'ono, ndipo amafika ola lathunthu nthawi isanakwane.

Asungwana atsopano akafika m'nyumba ya ku Lat Phrao ndi zikwama zawo, amamufunsa ngati n'zoona kuti diresi lotchuka lija linasokedwa pathupi lake. Amavomera. Akamufunsa chifukwa chake pachithunzi pali munthu wina, amawauza zonse osabisa, kuyambira pa khonde la ku Pathum Thani mpaka pa madzi a m'mawondo. Akanakhala pampando uja mphindi zisanu, mwina akanapata ndalama za sopo. Akanapita kumtsinje fili koloko, akanavala moto wobiriwira uja pamaso pa dziko. Iye anafuna kubisala konsekonse, ndipo mvula inamupeza pakati panjira. Akuluakulu sananame: mapanga awiri avumbwitsa.