Ahedi ndi Zithunzi za Pakhoma

"Alamu, m'nyumba muno sunthani chilichonse chimene mukufuna, koma zithunzi zili pakhomazo musazikhudze."

Anatero mayi wa mwana Loweruka m'mawa, chikwama chili kale paphewa, akuthamangira kuntchito. Ananena kawiri ali m'nyumba, kachitatu ananenera pawindo. Mwamuna wake, makaniko wokonzera magalimoto pakhomo pomwepo, anangoti, "Amva, amva, uchedwa." Alamu akewo, mlongo wamkulu wa mwamunayo, amene anapuma pa uphunzitsi koma aliyense ankawatchabe Ahedi, anangopitiriza kutakasa tiyi.

Mwanayo anali ndi zaka zisanu. Ankamutcha Kapitawo, chifukwa m'mawa uliwonse ankayendera nyumba yonse manja ali kumbuyo, kuona ngati chilichonse chagona pamalo pake. Kuchipatala anati ali ndi otizimu: ubongo wake umalandira phokoso, kuwala ndi mawu mwa njira yakeyake. Mawu apakamwa anali asanabwere. Dokotala wophunzitsa ana kulankhula analangiza kuti amate tizithunzi pakhoma, pamene mwana angafikire: kapu, mbale, bedi, chimbudzi. Akafuna kanthu, ankamatula kachithunziko n'kukaika m'manja mwa munthu wamkulu. Wojambula anali bambo ake, amene dzanja lawo linazolowera sipanala osati pensulo, choncho kapu inkaoneka ngati ndowa, bedi ngati lole. Koma Kapitawo ankazidziwa zonse.

Lolemba likubweralo linali tsiku lalikulu. Sukulu ya mkaka inavomera kumulandira, bola azitha kupempha yekha kupita kuchimbudzi. Masabata atatu anali atadutsa kabudula ali wouma, ndipo mayi ake ankawanyamula masikuwo ngati mazira m'thumba la pepala.

Geti itangotsekeka, Ahedi anaimirira.

"Zaka makumi atatu ndili ndi choko m'manja ine. Ana osalankhula ndinawaona. Ndi ulesi basi. Mwamupatsa mapepala, ndiye pakamwa azipagwiritsa ntchito yanji?"

Anamatula zithunzi zonse n'kukazikwirira m'sutikesi yawo, pansi pa zovala.

"Achemwali, bwanji tidikire amake abwere kaye?" anayesa makaniko, mutu wokha uli pakhomo.

"Iwe, matewera ako ndinachapa ndine. Pita ukamange mabawuti ako."

Anapitadi. Analowa pansi pa galimoto imene anali atamaliza kale kuikonza dzulo lake, ndipo sanatulukeko.

Phunziro linayamba. Ahedi anakweza kapu ya madzi m'mwamba. "Nena: ma-dzi!" Kapitawo anayang'ana khoma, n'kukhudza ndi chala malo anayi pamene panatsala zomatira. Kenako anatseka makutu, n'kuyamba kung'ung'udza akudzigwedeza. Ahedi anakweza mawu. Mwana anakanikiza makutu. Pofika masana, pakhosi pa Ahedi panali patauma moti madziwo anamwa okha. Kapitawo anakoka mpando, anatsegula mpopi, n'kumwa mpaka kamimba kuti tuu.

"Mwaona? Wayamba kudzidalira," anatero Ahedi kuuza makoma. Nthawi yomweyo anaimbira foni anzawo awiri, wina wa kwaya, wina namwino wopuma, kuti adzaone mmene mwana amamasulidwira lilime tsiku limodzi. Anavala diresi yawo yoyera.

Tsono chitseko cha chimbudzi chinali ndi loko pamwamba, chifukwa Kapitawo akachipeza chotsegula ankatha tsiku lonse akugujumula madzi. Anaima pachitsekopo. Anabwera kudzakoka dzanja la azakhali ake. "Nena ndi pakamwa!" Anabwereranso kuchitseko, miyendo ataipanikiza.

Alendo ali pakati pa tiyi, kunamveka chinthu chikukhukhuluzika pansi. Anali Kapitawo, akukoka sutikesi. Maso ake saphonya kanthu. Anali ataona kumene zithunzi zinapita. Anaitsegula pakati pa balaza, ndipo poti Kapitawo sataya zinthu mwachisawawa, anayamba kuzindandalika patebulo, pakati pa makapu, kuyambira chaching'ono: botolo la mankhwala odetsa imvi, wigi, kenako zovala zamkati zitatu, chilichonse chotambasulidwa bwinobwino ngati mbendera.

Mayi wa kwaya anatsamwa ndi tiyi.

"Ana a masiku ano," anatero Ahedi, akuseka ndi mano okha.

Pansi penipeni mwana anapeza chimene ankafuna. Anasankha kachithunzi kamodzi n'kukaika m'manja mwa azakhali ake. Ahedi anakatembenuza uku ndi uku.

"Mpando! Mwaona? Akupempha kukhala."

"Mpando wake wa chivindikiro?" anafunsa namwino. "Bwanji osafunsa bambo ake? Ali panja pomwepa."

"Ine ndikafunse makaniko za maphunziro?"

Anamunyamula mwana n'kumukhazika pamiyendo pawo, manja atamuzinga ngati lamba. Kapitawo anawaonetsa kachithunziko pamaso. Anawaonetsanso, mpaka kukagunditsa pamphuno.

"Eya, ndaona. Tsopano nena: mpa-ndo. Mpa..."

Mawu anathera pomwepo. Nkhope ya Ahedi inasintha pang'onopang'ono, ngati munthu amene walandira uthenga wa kutali. Madzi onse a pampopi aja anafika nthawi imodzi, ofunda, ndipo diresi yoyera inawalandira onse.

Ndi pamene mayi wa mwana analowa. Anali ataimba foni kanayi osayankhidwa, mtima n'kumukana kukhala kuntchito. Anaona khoma lopanda kanthu, anaona tebulo, anaona diresi, koma anathamangira nkhope ya mwana. Anagwada, n'kunena motsitsa mawu, "Wapempha bwino, bwana wanga. Wolakwa si iwe."

"Mwana wosalankhula ndi wovuta," anayamba Ahedi.

"Walankhula katatu ine ndikuona," anatero namwino, akutola chikwama chake. "Amene sanamve ndi ahedi."

Mayiyo anamusambitsa mwana, n'kumatanso zithunzi zija pakhoma. Za diresi analibe nazo ntchito. Mantha ake anali amodzi: mwana amene wapempha osathandizidwa, adzapemphanso? Miyezi isanu ndi itatu ya kuphunzira ikanatha kutsukuluzika tsiku limodzi, Lolemba lili pakhomo. Anapha mpunga ndi mchere, diso lili kukhoma.

Dzuwa likulowa, Kapitawo anakaima pazithunzi paja. Anaima nthawi yaitali. Kenako anamatula ka chimbudzi, anawazungulira azakhali ake patali ngati akulambalala chithaphwi, n'kukakaika m'manja mwa mayi ake. Mayiyo anatsegula loko uja akulira, makaniko ali kumbuyo kunyadira kuti chithunzi chake n'chomveka.

Panja, diresi inali pachingwe, ndipo mayi wa kwaya anali atadutsa kale nyumba zitatu popita kwawo, nkhani ili pakamwa. Anthu amene sanabwerepo chaka chonse anayamba kufika kudzabwereka machesi, maso ali pachingwe.

"Basi yoyamba imanyamuka nthawi yanji?" anafunsa Ahedi pa chakudya chamadzulo.

Makaniko anati, "Folo koloko m'bandakucha, achemwali. Koma munati mukhala sabata."

"Ndakumbukira nkhuku zanga."

"Munayamba liti kuweta nkhuku?"

"Idya, iwe."

Mayi wa mwana anaweramira m'mbale, n'kudzipereka kuti awasitira diresi ngakhale isanaumitse. Ahedi anakalongedza sutikesi yawo, atatsimikiza mtima kuti tambala akamalira adzakhala ali kutali. Funso limodzi lokha, kwa makaniko amene anali pansi pa galimoto, likanawasungira ulemu ndi diresi yomwe. Akuluakulu sananame: safunsa anadya phula.