Maluwa Amene Anaoletsa Buku

Chaka chilichonse mvula ikamayandikira, mayi Jalaja ankayala mphasa pakhonde la nyumba yakale ya banja la Upadhya n'kumasula nsalu yofiira imene munkakhala buku la makolo awo. Linali la masamba a mgwalangwa mazana atatu, olembedwa ndi kachitsulo kosongoka m'Chisansikiriti, chinenero chakale cha mabuku opatulika, ndipo linali litadutsa m'manja mwa mibadwo isanu ndi iwiri. Mayiwa sankadziwa ngakhale chilembo chimodzi. Chimene ankadziwa n'kupukuta tsamba lililonse ndi mafuta a udzu wonunkhira, kuliyanika pamthunzi, kuthiramo masamba ouma a nimu ndi kulipachika pamwamba podutsa mphepo. Ntchitoyi anaiyamba ali mtsikana, atabwerera kwawo amuna awo atamwalira, ndipo palibe amene anawavekapo nkhata ya maluwa chifukwa cha iyo.

Nkhata zonse zinkapita kwa mlongo wawo wamng'ono, a Anantarama, wansembe wamkulu wa kachisi wa m'tauniyo. Tisaname, munthuyo anali ndi mutu. Anamasulira theka loyamba la bukulo mwaluso loti akatswiri a mumzinda wa maphunziro wa Kashi anagwira pakamwa. Kuyambira pamenepo ulemu unayamba kugwa ngati mango akupsa. Nsalu zowaveka paphewa zinadzaza kabati, khoza lagolide linabwera, mayina aulemu anachuluka mpaka wowatchula pamsonkhano ankachita kupumira panjira. Theka lachiwiri la bukulo anali asanalikhudze. "Ndidzalikopera misonkhanoyi ikatha," ankatero. Koma misonkhano yoomberedwa m'manja siitha kwa munthu amene wailawa.

Tsiku lina m'mawa anatulukira pakhondepo, alongo awo ali pakati pa ntchito.

"Achemwali, ndabwera kudzatenga buku. Ndapangitsa bokosi lagalasi kukachisi. Alendo akubwera kuchokera kutali, ndiye ndiziwalozera kudenga lofuka utsili?"

"Utsi umenewo ndiwo walisunga, Anantu. Galasi silipuma. Mvula ikayamba mutuluka thukuta m'menemo."

"Ndanena kangati kuti dzina limenelo musiye? Anthu akumva."

"Ndikutchule chiyani, ine amene ndinkakupukuta mamina? Mayina ako atsopanowo khofi angazizire ndisanafike kumapeto."

A Anantarama anakwinya nkhope. "Inu zilembo simuzidziwa. Buku lopatulika limafuna ulemu, osati kulipaka mafuta ngati bondo la nkhalamba."

Mawuwo anawalasa mayi Jalaja. Anamanga nsalu ija bwinobwino n'kupereka ndi manja awiri. Anangopempha kamodzi kuti azibwera mwezi uliwonse kudzalitsegulira mphepo. Mlongo wawoyo anayankha akuyang'ana kumbali kuti kuchipinda chimenecho mkazi wamasiye salowako. Kiyi wa bokosilo anamumangirira ku ulusi wopatulika wa pachifuwa pawo. Zaka makumi anayi manja a wamasiye yemweyo anali oyera mokwanira kusamala bukulo, ndipo anadzadetsedwa tsiku limene kunabwera galasi!

Ulemu umene bukulo linalandira kukachisi unali woopsa. M'mawa uliwonse akakhalapo, wansembe wamkulu ankakweza pang'ono chivindikiro, n'kuika pamwamba pa nsalu yofiira nkhata ya maluwa othyoledwa kumene, mame akadali chuchuchu. Ankawazapo madzi odalitsidwa, n'kutsekanso kuti ndi. Kumasula nsaluyo kuti aone za m'kati, ayi, analibe mpata. Lero ali pa sitima ya ku Mysore, mawa akulandira chikho ku Delhi.

Mvula itafika pachimake, mayi Jalaja anatenga ambulera ndi botolo lawo la mafuta n'kupita kukachisi. Anaima pakhomo la chipindacho. Ali pomwepo anaona timadontho tikutsetsereka m'kati mwa galasi, anthu atagwada patsogolo pake.

"Anantu! Madzi awo sukuwaona?"

"Tsitsani mawu, achemwali. Anthu akuti n'chozizwitsa, bukulo likugwetsa misozi ya chimwemwe."

"Chozizwitsa cha mutu wako! Ndi chinyontho chimenecho. Ngakhale wogulitsa tsabola pamsika amadziwa zimenezo. Waphunzira mpaka nzeru zakuthawa?"

"Muperekezeni mayiyu," anatero a Anantarama kwa alonda. Anatero ndithu: mayiyu. Mayi Jalaja anabwerera pamvula botolo lili chitsekere, ndipo umasiye wa zaka zonse sunawapweteke monga linawapwetekera liwu limenelo.

Mvula itatha kunamveka nkhani yaikulu. Bwalo la akatswiri linagamula kuti lipereke kwa a Anantarama ulemu woposa wonse: bukulo ndi mwini wake akwezedwe pa njovu ya kukachisi n'kuzungulira tauni yonse. Tsikulo misewu inakongoletsedwa ndi masamba a nthochi, ng'oma ndi zitoliro zinali pokopoko, ndipo njovu inagwada pachipata itavala nsalu yagolide pamphumi.

M'chipinda cha bukulo, mkulu wa bwalolo, a Trivikrama Shastri, nkhalamba yochokera ku Kashi, anaimirira ndi ndodo yawo.

"Mwana wanga, theka loyamba tonse talimva kukoma. Ine ndayenda masiku awiri kuti ndisanafe ndimveko ndime imodzi ya theka lachiwiri. Masulani, mutiwerengere."

A Anantarama anamwetulira, anatsegula bokosi ndi kukoka mfundo ya nsalu yofiira. Nsaluyo inathetheka m'manja mwawo. Fungo la chuku linadzaza chipinda. Masamba mazana atatu aja anali atamatirirana n'kukhala chibuma chimodzi chakuda, chobookabooka, tizilombo tikuthamangira uku ndi uku. Atayesa kunyamula tsamba lapamwamba, linanyenyeka ngati mkate wovunda.

Panja ng'oma zinali kulirabe.

"Munalikopera, si choncho?" anafunsa a Shastri motsitsa mawu.

A Anantarama anaweramitsa mutu, nsalu zitatu zaulemu zili paphewa.

"Ndafunsa ine. Theka lachiwiri munalikopera?"

"Ndimati misonkhano ikatha..."

Nkhalambayo inamenya ndodo pansi. "Mibadwo isanu ndi iwiri! Nkhondo sizinalithe, njala sinalithe, mwalimaliza inu dzinja limodzi. Ankalisunga ndani lisanabwere kuno?"

"Ndine," anayankha mayi Jalaja ali pakhomo pomwe paja, kunja kwa mzere umene anawalembera. "Ndine mbuli ija yopaka mafuta. Sindinamvepo chimene agogo athu analemba m'menemo, bambo. Ndinkangoti mlongo wanga ndi wophunzira, tsiku lina adzandiwerengera. Ndadikira zaka makumi anayi. Anantu, werenga tsopano! Ndatchera khutu."

Anaika botolo la mafuta pakhomopo, anatembenuka n'kumapita. A Shastri anawatsatira ndi ndodo yawo, ndipo akatswiri ena onse anatuluka pambuyo pawo mmodzimmodzi, osatsanzika. Woyang'anira njovu anadikira mpaka dzuwa linafika paliwombo, kenaka anaidzutsa n'kuibwezera kukhola mpando wa pamsana pake uli wopanda munthu.

Nsalu zaulemu zija zikadali m'kabati mpaka lero, ndipo akuti njenjete zayambako. Mayina aatali aja palibenso amene amavutika kuwatchula. Koma chimene chinalembedwa m'theka lachiwiri palibe adzachidziwe, ndipo mlandu umenewo si wa mvula, si wa tizilombo. Ndi wa munthu amene anakwezedwa pamwamba n'kuiwala amene ankayenda pansi kumulambulira njira. Akuluakulu sananame pamene anati ukakwera pamsana pa njovu usamati kunja kulibe mame.