Mtedza umene mkulu anakana kuuzula

Panali munthu wina amene anamuika kukhala mkulu wa bungwe la dziko lofufuza za sayansi. Pansi pake panali nthambi ya mbewu, ya madzi ndi ya matenda. Pamwamba pake panali bodi, pamwamba pa bodi komiti ya aphungu, ndipo aphunguwo nawonso ankaopa anthu owavotera. Aliyense anali ndi womusuzumira.

Kamodzi pachaka komitiyo inkayendera minda yoyeserera mbewu, n'kugamula ngati mkuluyo apitirize ntchito. Ndiye panali kachizolowezi. Alendo akayandikira, mbewu iliyonse yokanika ankaizula, n'kusalaza, n'kupaka laimu miyala ya m'mbali mwa njira. Aphungu ankaomba m'manja, koma pobwerera ankanong'onezana kuti munda wosadwala sanauonepo chibadwire.

Chaka china, chokanika chinali mtedza wa mkulu yemweyo, umene anautama pa wailesi kuti umapirira chilala. Chilala unapiriradi. Mvula itabwera, unawolera pansi.

Woyang'anira nthambi ya mbewu anafika ndi thirakitala, nalonjeza kuti pofika masana pakhala poyera. Mkuluyo anayang'ana mtedzawo, naganizira mpando wake ndi ana ake apasukulu. Kenako anabweza thirakitala.

Komiti itafika, mkuluyo anayamba nayo pa mtedza pomwepo.

"Olemekezeka, uwu ndi wanga. Ndinautama, wandivula. Mlimi asaudzale."

Wapampando wa komiti, mayi Nasiyaya, amene kale ankagulitsa mbuzi pamsika, anazula phata limodzi, nalinunkhiza, nalitaya. Anamupanikiza mkuluyo ndi mafunso mpaka kolala yake inanyowa ndi thukuta. Atatero anapita kumunda wa nyemba, zimene mkuluyo anati zabereka bwino. Kumeneko mayiwo sanazule kanthu.

"Izi ndakhulupirira, bambo," anatero. "Wogulitsa akakuonetsa yekha mbuzi yotsimphina, inayo suiyang'ananso mano."

Mayiwo anamudzudzula mkuluyo pa zothamangira ku wailesi, namusiya pampando. Nyemba zija zinafika kwa alimi, ndipo thirakitala inabwerera ku ntchito yake yolima.

Tsono inu amene mwasungitsidwa zinthu za anthu, laimu ngwotchipa, ndipo okuyenderani amadziwa kumene amagulidwa. Akafika, yambani nawo pamene panawola. Zotsalazo adzagula osanenerera.