Chilumba Chinathawa ndi Mbuzi

Mwina nanu mwamvako zimene akunong'onezana pa msika wa Bangula, zoti a Macdonald masiku ano akumakhala pagombe la Shire atavala jekete, kudikira dziko lawo kuti libwerere. Ena akuti mutu wasokonekera, ena akuti anawalodza. Bodza lokhalokha. Nkhani yeniyeni ndi iyi, koma musakauze munthu.

Mudzi wawo uli ndi nyakwawa yaikazi, mayi Anastazia, amene aliyense amangowatchula kuti Mfumukazi. Si ankhanza ayi, koma kutamandidwa amakukonda ngati mwana ndi nzimbe. A Macdonald anawagwira mtima tsiku lina mvula itagwa. Mfumukazi ikutsika minibasi, pansi pali matope, iwo anangovula jekete lawo la pakaunjika n'kuliyala pamatopepo. Mfumukazi inaponda bwinobwino. Wakabaza wina naye anadutsa pomwepo, koma zimenezo tizisiye. Kuyambira tsikulo a Macdonald ndiwo ankagwira ambulera ya mfumu, kumaliro, kubwalo, mpaka pakhomo pa tchalitchi. Dzuwa la kuno mukulidziwa. Wogwira ambulera ndi munthu wamkulu, ndipo nkhani zonse amayamba kumva ndiye.

Ndiye panali a Harold, amene ankaifuna ambulerayo mpaka kuonda nayo. Lero nkhuku, mawa mlamba wowamba, zonse kwa Mfumukazi. A Macdonald anaona kuti jekete lija layamba kuiwalika. Chaka chimenecho madzi anali atakokolola madimba ambiri, anthu akulirira polima. A Macdonald anabwereka bwato, n'kukweza mbuzi yawo kuti ikalawe udzu wa kumeneko, ulendo wa m'dambo la Elephant Marsh kukafunira mfumu dziko latsopano.

Tsiku lachitatu anachipeza: chilumba chobiriwira, cha bango ndi gumbwa, chopanda ngakhale phazi la munthu. Poponda pankanjanja ngati matiresi. Anazika nsungwi, n'kumangirirapo chitenje chimene Mfumukazi inawapatsa pa Khirisimasi, mbuzi n'kuimasula.

Msodzi wina wachikulire, a Augustino, ankadutsa pa bwato lawo.

"Bambo, mwakhazikika pamenepo? Bwanji mundifunse kaye za malo amenewo?"

"Ndikufunseni inu? Ine ndimagwira ambulera ya mfumu. Nzeru zonunkha mlamba pitani nazo kumsika."

"Pyadidi," anatero a Augustino m'Chisena, kutanthauza kuti chabwino, n'kupalasa kumapita.

Atabwerera, a Macdonald anagwada pabwalo anthu onse akuona, n'kuomba m'manja.

"Amayi, ndakupezerani dziko. Ndalitcha Anastazia. Nthaka yake sifuna khasu, mbatata mungabzale ndi chala."

"Kukula kwake?" inafunsa Mfumukazi, maso akuwala.

"Mabwalo a mpira asanu, ndipo kulibe nyakwawa wina."

A Harold anatsokomola. "Achimwene, ngati n'kokoma chonchi, kadimba kanu kakale kaja mukatani?"

"Katengeni. Mwini dziko sasunga chigamba."

Mawu onenedwa pabwalo sabwerera m'kamwa. Akazi awo a Macdonald, mayi Imelda, anangokhala pansi thapsa, chifukwa dimba limenelo ndilo linapulumuka madzi, ndipo chimanga chinali chitayamba kale ngaiyaye.

Loweruka kunanyamuka mabwato anayi. Kutsogolo Mfumukazi itakhala pampando wapulasitiki pakati pa bwato, a Macdonald pambuyo pake ndi ambulera, kenaka amayi oimba, kenaka anthu ndi makasu awo okagawiridwa malo. Wopalasa bwato la mfumu anali a Augustino omwe aja.

Anafika. Madzi okhaokha, mvuu imodzi ikuyasamula.

"Ndi apa," anatero a Macdonald.

"Pati?"

"Panali apa, Amayi. Mwina chachita manyazi ndi nyimbozi."

Amayi aja anasiya kuimba. Chilumba sichinatuluke. Anazungulira dambo mpaka dzuwa linafika paliwombo, a Macdonald akulira ngati mbuzi kuti mwina yawo ija iyankha. Pomaliza Mfumukazi inatembenukira kwa wopalasa.

"A Augustino, inu mwakulira m'madzi muno. Dziko limasowa?"

"Dziko silisowa, Amayi. Koma chija si dziko. Ndi mizu ya gumbwa ndi udzu zolukana, zoyandama. Madzi akakwera zimanyamuka. Ana a asodzi amadziwa."

"Nanga simunanene bwanji?"

"Anati nzeru zanga zikununkha."

Mfumukazi sinakalipe. Inangotambasula dzanja, kulanda ambulera, n'kuiponyera m'bwato la a Harold. Kenaka inamwetulira.

"A Macdonald, mwagwira ntchito. Kuyambira lero ndinu nyakwawa wa chilumba chimenecho. Pitani mukalamulire anthu anu. Kubwalo kwanga mudzabwere mukadzachipeza."

Patapita sabata, amayi ogulitsa nsomba ochokera ku Marka anabwera ndi nkhani. Akuti anaona chilumba chikutsika ndi Shire, mbendera ya chitenje ili petupetu, mbuzi itaima pakati, yonenepa bwino, ikulowa ku Mozambique popanda chiphaso. Akuti asilikali a pamalire anangoima n'kuichitira sawasha, poganiza kuti ndi alendo a boma. Izo za sawashazo sindikutsimikiza, koma anandiuza ndi munthu wosanama.

Lero a Harold ali ndi ambulera ndi dimba lomwe, akudya mondokwa. Mayi Imelda anabwerera kwawo ku Chikwawa. A Macdonald akadali pagombe, akuti mphepo ikadzatembenuka dziko lawo lidzabwera, ngati kuti Shire anayamba wayendapo chobwerera. Akuluakulu sananame: safunsa anadya phula.

Nanga inu, munthu wonunkha mlamba atakuimitsani n'kunena kuti mundifunse kaye, mungaime kapena mungagwire mphuno?